Nkhata za a Morishita

A Medson Kachingwe anali munthu wa maliro. Sikuti ankakonda imfa ayi, koma mukangoti wakutiwakuti watisiya, iwo jekete avala kale. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo kuno ankasenza katundu wotsika m'ndege ku Etobicoke, dera lina la Toronto. Bambo awo anamwalira iwo atangofika ku Canada, uthenga n'kudzawapeza manda atamera kale udzu. Sanalire, poti analibe wolira naye. Kuyambira pamenepo analumbira kuti maliro a mnansi sadzawaphonyanso.

Vuto linali lakuti zaka zimenezo Amalawi ku Toronto tinali ochepa, anamwino ndi ophunzira, tonse athanzi lathu. Panalibe womwalira. A Medson ankangoyenda nalo lumbiro lawolo ngati khasu lopanda munda.

Pansi pa nyumba yomwe ankakhala panali kagolosale ka a Morishita, nkhalamba ya ku Japan yomwe ankapatsana nayo moni m'mawa uliwonse. Tsiku lina m'chisanu cha 1976, a Medson akuchokera kuntchito anaona nkhata ziwiri zikuluzikulu za maluwa zitaimikidwa pakhomo, pawindo pali chithunzi cha mtsikana. M'katimo nkhalamba inali itagwira tsaya, galamafoni ikuliza nyimbo ya mawu onjenjemera.

Zoona zake zinali izi, ngakhale ife tinazidziwa mochedwa. Mtsikanayo anali Fumiko, mdzukulu wawo, yemwe anali atangotulutsa kambale kake koyamba ku Japan, nyimbo imodzi kumaso ina kuseri. Agogo anaitanitsa bokosi lathunthu, n'kumulonjeza kuti ku Canada timbaleto titha ngati zitumbuwa. Kwawo ku Japan nkhata zotere amaziimikanso pa chikondwerero. Koma tsiku lonse linatha osagulidwa ngakhale kamodzi, ndiye chifukwa chake anagwira tsaya.

Koma ku Ntcheu nkhata ndi nkhata basi, ndipo munthu wolera bwino safunsa namfedwa mafunso. A Medson anavula chipewa, n'kulowa, n'kunena kuti pepani. A Morishita anawerama mothokoza, poganiza kuti akuwapepesa za malonda.

Telefoni inagwira ntchito tsiku limenelo. "A Hilda, kwagwa zovuta kuno," anatero kwa mkulu wa anamwino athu. "Mufonere anzanu onse, Loweruka asabukitse shifiti."

Loweruka masana tinafika. Amayi anamanga zitenje pamwamba pa makhoti n'kukhala pansi pakati pa matumba a mpunga. Ife abambo, monga mwa mwambo, a Medson anatikhazika panja pa makireti, chipale chofewa chikutigwera m'makosi. Ndinakwiya, sindibisa. Bester, mnzathu wophunzira zamankhwala, anati, "Akulu, mwambo ndi mwambo, koma ine zala sindikuzimvanso." A Medson anangomuponyera diso, iye n'kupisa manja m'matumba.

Amayi anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, mbale ya chipepeso n'kuyamba kuyenda. A Morishita ataona anthu akuponyamo ndalama, ananyamuka mwachangu n'kumapatsa aliyense kambale ndi manja awiri, akuwerama. Ife tinati ndiwo mwambo wakwawo, chikumbutso cha malemu, ndipo tinalandira ndi manja awirinso. Azungu odutsa pamsewu ataona chikhamu analowa nawo, n'kumagula osadziwa chomwe akugula. Dzuwa lisanalowe bokosi linali gwaa. Nkhalamba inkamwetulira mano onse pamtunda, amayi n'kumanong'onezana kuti munthu wolimba mtima chotere sanamuonepo.

Pothokoza, anatiitana tonse m'kati n'kuika kambale pa galamafoni. Mawu a nyimboyo palibe anamvapo ngakhale amodzi, koma a Medson anayamba kusisima, kenako kulira kwenikweni, kogwedeza mapewa. A Hilda, poti unamwino sutha, anafunsa mwaulemu kuti kodi mwanayu anadwala chiyani.

"Kudwala?" anadabwa a Morishita. "Fumiko ali bwinobwino. Mwezi wamawa akukaimba ku Osaka."

Amayi anayamba kumasula zitenje mwakachetechete, Bester n'kuthawira kuseri kwa mashelefu kukafa nako kuseka. A Hilda ndiwo anafotokoza kuti tinabwerera maliro. Nkhalamba inayang'ana nkhata zake, inayang'ana bokosi lopanda kanthu, kenako a Medson, omwe manyazi anali atawagwira koma misozi osaleka.

"Nanga inu mukulira ndani?" anafunsa.

"Bambo anga," anatero a Medson. "Sindinawaike."

Kuseka kuja kunathera pomwepo. A Morishita anatseka chitseko cha golosale malonda ali m'kati, anakokera nkhata imodzi m'nyumba n'kuiimika patsogolo pa a Medson. Kenako, mawondo akulira, anakhala pansi pambali pawo n'kupempha amayi kuti ayambirenso nyimbo yawo ija. Zitenje zinamangidwanso. Nane ndinalira, mkwiyo wa chisanu uja nditauiwala.

Fumiko anauzidwa kuti ku Toronto timbale tinatha tsiku limodzi ndipo anthu analira, zomwe sizinali zabodza. Ku Japan nyimboyo sinapite patali. Koma kwa a Medson kambale kaja kanakhala pamalo aulemu, ndipo mlendo akafunsa kuti nyimbo yachilendoyi ndi yanji, ankayankha kuti ndi imene inaimbidwa pa maliro a bambo awo.