Mfundo ya Paphewa ndi Peyala Losapsa

Chaka chimene ndinachoka kwathu ku Dowa n'kufika ku Thyolo kudzaphunzitsa pasukulu ya m'esiteti, khosi langa linauma gwa. Kucheukira kumanzere kunkatheka pang'ono, koma kumanja ayi ndithu. Munthu akandiitana cha kumanja ndinkatembenuka thupi lonse.

Tsono kuno munthu sumudutsa osamupatsa moni. Ine ndinkakwera kabaza kuchokera ku Luchenza, njira yodutsa m'minda ya tiyi, maso ali kutsogolo basi. Azimayi othyola tiyi akakhala cha kumanja ndinkangowapitirira osawaona. Posakhalitsa mbiri inawanda kuti aphunzitsi a ku Dowa aja ndi onyada.

Akanakhala anthu wamba ndikanati anene, atopa okha. Koma m'gulu lomwelo munali mayi ake a mwamuna amene ankafuna kundikwatira. Tsiku limene anakandionetsa kwawo ku Chimaliro ndinagwada bwinobwino, koma mayiwo anayankha moni wanga akuyang'ana nthochi za kuseri kwa nyumba. Kumaso sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinalira m'njira monse pobwerera. Kenako mwana wawoyo anandiuza, akukanda m'mutu, kuti za chinkhoswe ziyambe zaima, amayi akuti safuna mpongozi wodutsa anthu ngati minibasi yodzaza.

Mpamene ndinathamangira kuchipatala, ndipo ananditumiza kwa a fiziyo, aja amachiza ndi manja. Anali mayi wamfupi, womwetulira, ine n'kumati apa zikhala zofewa. Chosadziwa ndi nkhondo! Anandisisita khosi, anatsikira paphewa, kenako anati, "Khosili lilibe mlandu. Wolakwa ndi uyu." Anakanikiza ndi chala chachikulu, ululu unakwera kuseri kwa khutu mpaka m'diso.

"Mayo ine! Mwagwira phewa, nanga diso lalakwanji?"

Anaseka, n'kundifotokozera kuti mnofu wapaphewa unamanga mfundo chifukwa cholemba pabolodi mkono uli m'mwamba ndiponso kuwerama pochonga makope. Mfundo yotere, anatero, imakhala pena koma n'kumapweteketsa pena. Anakanikizanso, akundiuza kuti ndizipuma mofatsa, mpaka ululu unayamba kuzilala. Anandiika nsalu yofunda, anandiwongola khosi pang'onopang'ono, n'kundipatsa ntchito ya kunyumba: ndipeze mpira wa tenesi, ndiziuika pamfundopo, ndizitsamira khoma.

Mpira wa tenesi ku Luchenza? Ndinazungulira sitolo zonse, wina anafuna kundigulitsa mpira wamiyendo. Koma kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi kunali mtengo wa mapeyala, ndipo peyala losapsa ndi lolimba ngati mwala. Ndinathyola limodzi. M'nyumba linkaterera chifukwa cha penti, choncho ndinkatsamira khoma la panja, la njerwa. Linkagwira ntchito, ndisaname. Chimene ndinaiwala, ine mphunzitsi wa sayansi, n'chakuti peyala limapsa, makamaka ukamalifinya tsiku ndi tsiku.

Loweruka lina masana ndinali pakhoma langa, maso nditatsinzina, ndikudzikhula uku ndi uku ngati mbuzi ya mphere, ndikubuula kuti, "Eee, pomwepo, pomwepo!" Ndinamva munthu akutsokomola. Potsegula maso ndinaona mayi a chibwenzi changa aja, ataima cham'mbali, jumbo ya kumsika ili m'manja. Anabwera kudzadzionera okha kunyada kwanga. Pofuna kugwada mwachangu ndinadzikankhira kukhoma, peyala lija n'kuphulika phwa! Ndinagwada msana wonse uli wobiriwira, nthanga ikugubuduka kupita kumapazi awo.

"Aphunzitsi," anatero, "kodi mwadwala, kapena ndi mapemphero a kwanu?"

Ndinafotokoza zonse, za mfundo, za a fiziyo, za mpira wosowa. Nthawi yonseyi iwo ankayang'ana mpanda. Mtima unandiwawa, ndipo ine ndikapsa mtima pakamwa sipachedwa.

"Amayi, ndikudziwa kuti simundifuna. Koma ndiyang'aneniko kamodzi kokha, ndine munthu."

"Ndikuyang'aneni ndi khosi liti?"

Atatero anayamba kutembenuka, phazi ili, phazi linalo, thupi lonse pamodzi, ndendende mmene ndinkachitira ine. Kukamwa kwanga kunangoti yasa. Dengu la tiyi analibereka kuyambira ali mtsikana, ndipo khosi linasiya kucheuka kalekale. Iwo ankati ndi ukalamba. Mwana wawo, munthu woti ali ndi maso awiri, sanazindikirepo kanthu, kwa mayi ake kapena kwa ine. Amuna inu!

Ndinawapempha kuti ndigwireko phewa lawo. Anakayika kaye, poti si mwambo kuti mtsikana azingogwiragwira mayi a chibwenzi chake, koma anakhala pampando. Ndinaipeza mfundo yawo, yolimba kuposa yanga. Nditangokanikiza pang'ono anakuwa m'Chilomwe mawu ambirimbiri. Mpaka lero sindinafunse munthu kuti andimasulire.

Sabata yotsatira ndinapita nawo kwa a fiziyo, ndipo ndinakhala panja n'kumamvetsera akukuwa, ine mtima uli mbee. A fiziyo atamva za peyala anaseka mpaka misozi, koma anati palibe vuto bola tizisintha lisanapse. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkakhala awiri pakhoma, aliyense ndi peyala lake, tikubuula mosinthana. Anthu odutsa ankafulumiza miyendo. Za chinkhoswe mayiwo sankatchula, inenso ndinkaopa kufunsa.

Zinatenga nthawi, poti mfundo ya dengu simasuka msanga. Koma tsiku lina tili pakhomapo ndinamva akuti, "Aaa!" Khosi lawo linali likutembenuka lokha, pang'onopang'ono, mapazi ali pamalo amodzi. Linafika pamene panali ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, ine osapuma n'komwe.

"Hii! Kodi mphuno yake ndi yaikulu chonchi?"

Ndinagwira mphuno yanga. Iwo anaseka mpaka peyala linagwa.

"Basi, zidzukulu zanga zizidzapuma bwino. Kauzeni a kwanu kuti ankhoswe athu akubwera, apongozi."