Nkhondo Imene Ndinamva pa Wailesi ya Amalume

Wailesi ya amalume inali yomanga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo mabatire ake tinkawayanika padzuwa ngati mfutso. Chaka chimenecho ndinali mu giredi sikisi kwathu ku Vubwi, ndipo pakhomo mwini Chingerezi ndinali ine. Nkhani za masana zikayamba, amayi ankandiitana kuti ndidzamasulire.

Inali nyengo yokolola. Kutsidya, ku Mozambique, kunali nkhondo, ndipo othawa ankafika m'mudzi mwathu mapazi atatupa, ana kumbuyo osalira n'komwe.

Tsiku lina wowerenga nkhani anati boma "has declared war", kenako mawu ena amene anandipitirira. Liwu lakuti "war" ndinkalidziwa. Ndinaimirira n'kunena kuti nkhondo yayamba. Amayi anagwetsa lichero, mtedza n'kumwazika, nkhuku n'kumatola popanda woziingitsa. Amalume kunalibe. Anali atapita ndi njinga, monga ankachitira, atasenza ufa ndi shuga kudzera m'tinjira ta m'tchire kukagulitsa kutsidya. Kwa ine imeneyo inali geni basi. Pobwera ankatipatsa masiwiti onunkha parafini.

Tinakhala mitima ili m'mwamba. Amayi anamanga mabulangete ndi mapoto m'chitenje n'kuika kuseri kwa chitseko. Galimoto ikamveka kumsewu, tinkasiya kutonola chimanga n'kumayang'anana. Amalume osabwera.

Lolemba ndinafunsa aphunzitsi. Anaseka, n'kulemba pabolodi: "to declare war on". Anati ndiko kulengeza poyera kuti uje ndi mdani, tiyamba kulimbana naye. Koma eni chinenerochi, anatero, amalengeza nkhondo pa chilichonse: udzudzu, kolera, ngakhale umbuli. Nkhanizo nawonso anali atazimva.

"Si ya mfuti iyi, mwanawe. Ndi ya masimagila chabe. Kawauze amayi ako amasule katundu."

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo aphunzitsiwo sindiwaimba mlandu, anafotokoza bwino. Koma kunena kuti "chabe" n'kosavuta ngati wotchulidwayo si wako.

Ndinathamanga mpaka kunyumba, mtima uli mbee. Ndinapeza amayi akusenda mtedza pakhonde. Ndinawauza kuti kulibe nkhondo, boma likulimbana ndi masimagila basi. Sanamwetulire. Anati nditchulenso. Ndinatchula monyada, ndikutsanzira aphunzitsi. Amayi sanapondeko m'kalasi, koma liwu limenelo ankalidziwa. Anayang'ana kanjira kolowera m'tchire nthawi yaitali.

"Ndiye kuti yalowa m'nyumba muno," anatero.

Zinandipweteka kuti sanandiyamikire, ndipo ndinakana kuwathandiza kusenda. Ndinkayesa masimagila ndi mtundu wina wa anthu, akutali, olankhula chinenero chawochawo. Sindinkadziwa kuti ndi ozembetsa katundu pamalire, ndi kuti mmodzi wa iwo ndi amene amayi ankamupakulira chakudya tsiku ndi tsiku n'kuvindikira, m'mawa mwake n'kupatsa agalu.