Msana wa Kwong Yiu-fai

Kwong Yiu-fai anafa maulendo oposa makumi anayi asanakwanitse zaka makumi atatu, ndipo ine Tam, wometa tsitsi wa mumsewu wathu ku Sham Shui Po, ndinkamumeta imfa iliyonse isanachitike. Ntchito yake inali yomenyedwa m'mafilimu a kung fu. Ngwazi ikaponya theche, wogwa kuchokera pamwamba n'kuthyola tebulo anali iye. Akafa, akuluakulu ojambula ankamupatsa kaenivelopu kofiira kokhala ndi dola imodzi yochotsera tsoka. Iye ankamwera tiyi wamkaka n'kubwerera kunyumba akutsimphina.

Nkhope yake sinkaoneka. Kamera inkangomuona kumsana, moti ndinkamuseka kuti ndimataya nthawi kumumeta kutsogolo.

Ankakhala ndi amayi ake m'chipinda chimodzi, pansanjika yachisanu ndi chiwiri. Mayi Kwong ankalumikiza maluwa apulasitiki a kufakitale, ndipo ku kanema anali asanapondeko. "Ndikagule tikiti yokaonera mwana wanga akupondedwa? Ndapenga?" ankatero. Koma m'chaka cha 1974 ng'ala inakula m'maso mwawo, ndipo dokotala anati pofika chaka chatsopano azidzangoona zithunzithunzi. Kwong sankanena zambiri, koma ndinkadziwa chimene chinkamudya mumtima. Ankafuna amayi ake aone nkhope yake pansalu ya kanema kamodzi kokha maso asanatseke.

Chaka chomwecho filimu ina ya mwana wamasiye wobwezera imfa ya mphunzitsi wake inayenda malonda, eni ake n'kujambula gawo lachiwiri m'masabata atatu. Mkangano wake unaphulikira mometera mwanga.

"Gawo lachiwiri ndi mpunga wadzulo wongotenthetsa," anatero Fung wogulitsa nsomba, thovu lili kuchibwano. "Nkhonya zomwezo, masitepe omwewo."

"Achimwene, inu mumaonera filimu ndi mphuno," anayankha Kwong. "M'gawo loyamba munthu akupha anthu makumi awiri n'kupita kwawo kukadya, ngati ophedwawo anagwa mumtengo. Alibe abale amenewo? M'gawo lachiwiri abalewo ndi amene akubwera. Kubwezera kuli ndi mchira."

"Mwa abalewo iwe ndiwe ndani?"

"Mng'ono wake wa uja anafera pamasitepe."

"Nanga anafera pamasitepe uja sanali iwe?"

"Ndinali ine."

Fung anaseka mpaka ndinatsala pang'ono kumudula khutu. "Ndiye ukubwezera imfa yako yomwe? Ukafanso adzakubwezera ndani, agogo ako?"

Kwong sanakwiye. Anatiuza kuti ulendo uno nkhope yake idzadza nsalu yonse, ndipo alankhula mawu atatu: "Unapha mkulu wanga." Anali atawayeseza pagalasi langa kwa sabata yathunthu, ine osadziwa kuti akung'ung'udza chiyani.

Kunyengerera amayi ake kunamutengera masiku anayi. Tinapita ku kanema Lamulungu masana, atatu, n'kukhala pamzere wakutsogolo penipeni pamene khosi limauma. Mayi Kwong anavala malaya awo a kuukwati.

Apa ndiye tinalakwitsa, ndipo mpaka lero ndimadzitukwana, chifukwa chinthucho tonse tinkachidziwa. Mwini holo ya kwathu, munthu woumira ngati mwala, ankafuna kuonetsa filimu kasanu patsiku m'malo mwa kanayi. Choncho woyendetsa makina ankatenga lumo n'kudula paliponse pamene anthu akungolankhula, n'kusiya ndewu zokhazokha. Tikanakwera basi kupita ku holo ya m'tauni, sizikanachitika.

Nthawi inafika. Chitseko cha nyumba ya tiyi chinatseguka pansalupo, Kwong anagwira amayi ake pamkono. Chithunzi chinadumpha. Tinangoona msana ukugubuduzika pamasitepe, basi. Panalibe nkhope, panalibe mawu.

Kwong anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndikanakhala ndi lezala m'thumba, woyendetsa makina uja akanatsika wopanda nsidze.

Titatuluka tinakhala pabenchi la mayi wogulitsa madzi a nzimbe. Kwong ankayang'ana nsapato zake.

"Amayi, pepani," anatero. "Andidula."

"Wagwa kasanu ndi kamodzi," anatero Mayi Kwong akupukuta maso.

"Mwati bwanji?"

"Pamasitepe, pamlatho, padenga kawiri. Nkhalamba ya ndevu zoyera ija inagwera m'chitsime unali iwe. Ndipo mtsikana uja analumpha pawindo, usandinamize, unali iwe utavala diresi."

Ine ndinatsamwa ndi madzi a nzimbe. Za diresi Kwong anali asanauzepo munthu.

"Mwadziwa bwanji, amayi? Inu simuona bwino."

"Ukamagwa umapinda phewa lamanzere, chiyambire ukuphunzira kuyenda. Nkhope ndikaichitire chiyani? Nkhope ndimadya nayo mpunga tsiku lililonse. Chimene sindinkadziwa n'chakuti umagwa bwino chonchi. Koma kaenivelopu anakupatsa?"

"Anandipatsa."

"Chabwino. Tam, mwanawe, akuyambanso nthawi yanji?"

Ndinawauza kuti pakangotha mphindi khumi, poti kwathu kuno sapumitsa makina. Anatulutsa kachikwama kawo n'kundituma kukagula matikiti ena atatu, a kutsogolo komweko.

Ulendo wachiwiriwu Mayi Kwong ankawerenga mokweza, osasamala za anyamata amene ankawaletsa kumbuyo. Kwong ankangoyang'ana amayi ake, misozi ikutsikira m'kolala. Filimu itafika pa ndewu ya kumsika, pamene anthu khumi amagwa nthawi imodzi, mayiwo analoza pakona ya nsalu n'kufuula kuti, "Uyo! Kasanu ndi kawiri!"

Kugwa kumeneko Kwong mwini wake anali atakuiwala.