Ulendo wa kuchigayo umene sitinagaye

Ine ndinabadwa wolongolola. Kwathu ku Chileka, m'nyumba ya aphunzitsi momwe ndinakulira, nkhani sinkagona m'mimba mwa munthu. Choncho nditakwatiwa ku Lirangwe ndi telala wosoka pakhonde la sitolo, n'kuima koyamba, ndinauza aliyense: anzanga a kwaya kutchalitchi, amayi ogulitsa tomato, ngakhale kondakitala amene anandipanikiza mu minibasi. Ndinagulanso tizipewa ndi timasokosi. Mimbayo inachoka isanaoneke n'komwe. Ndinapita padera, ndipo ndinalira mpaka maso kutupa.

Apongozi anga, mayi a bambo a kunyumba, sanandinene. Iwo ndi Msilamu, aafupi, ampango wosasuntha pamutu, ogulitsa usipa ndi matemba mumsika. Anandiphikira phala n'kundichapira. Koma nditaimanso, anazindikira mwana wawo asanadziwe. Ndinangokwinya nkhope ndi fungo la usipa wawo, basi anandikokera kuseri kwa benchi.

"Iyi tisaitchule," anatero motsitsa mawu. "Pakamwa pamaitana zinthu. Ndipo tsiku lopita kukachira munthu satsanzika, olo kwa mayi ake omubereka. Anthu amamanga mimba."

Ndinafuna kutsutsa, poti kutsutsa ndimakutha. Koma ndinali ndi mantha, ndipo zimene ndinkafuna padziko lonse ndi mwana wamoyo m'manja mwanga. Ndinavomera. Mayi anga ondibereka atabwera kudzandiona anaona okha ndi maso, naseka kuti zimenezo ndi zamakolo, chofunika ndi pemphero ndi sikelo. Apongozi nawo za sikelo sankanyozera. Ankatseka benchi lawo n'kundiperekeza kuchipatala, koma m'njira ankauza anthu kuti dzino landivuta.

Mimba inakula mpaka zala zakumapazi osaziona. Wina akandiyang'anitsitsa mumsika, apongozi ankamuyankha asanafunse kuti mpongozi wawo wanenepa chifukwa kwawo amadya bwino. Pakhomo sankandilola kuima, ati mwana adzaimanso pakhomo potuluka. Za mazira tinakangana. Anamwino anapambana, ndipo apongozi ankandikazingira okha, uku akung'ung'udza kuti mdzukulu akadzabadwa ndi dazi tisadzawafunse. Atangotchula mawu oti mdzukuluwo anadzigwira pakamwa. Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo.

Mwezi wanga utakwana, anamwino anati ndipite kuchidikiro, kanyumba kapachipatala komwe amayi akutali kapena amene anavutikapo kale amadikirira tsiku lawo. M'mawa mwake apongozi anatenga dengu lalikulu. Pansi anaika beseni, zitenje, lezala ndi pepala lakuda la pulasitiki loyala pobereka. Pamwamba anayala thumba, n'kuthira chimanga chotong'ola. Anasenza, ine pambuyo ndikuyenda ngati bakha. Mayi woyandikana nafe anali akusesa pabwalo, ndipo apongozi anamuuza kuti tikupita kuchigayo. Mayiyo anayang'ana dengu, anayang'ana mimba yanga, anayang'ananso njira imene tinalowera, yomwe kulibe chigayo. Anangoti tikagaye bwino, ndipo anapitiriza kusesa.

Kuchidikiro tinakhala bwino. Azimayi a ku Mdeka ndi midzi ina tinkagona pamphasa moyandikana, otidikirira akuphika panja pamafuwa. Chimanga chija apongozi anasinthanitsa ndi ufa kwa mnzawo. Nthawi ya swala, mapemphero awo a Chisilamu, ankayala chitenje chawo pakona, ine n'kumaimba nyimbo zanga za kwaya chapansipansi. Foni yanga anaisunga iwo, ataimanga m'mphepete mwa chitenje, poti ankandidziwa.

Matenda anayamba m'mawa wina dzuwa litangotuluka. Linafika pamutu, linapendeka, mwana osatsika. Anamwino anandipima mobwerezabwereza, kenako nkhope zawo zinasintha. Anati mwana wagona mopingasa, anditumiza kuchipatala chachikulu m'tauni, ndipo aitana ambulasi. Pamenepo mtima wanga unathawa. Ndinaona ngati za chaka chija zabweranso. Sindinaitane bambo a kunyumba, sindinaitane anamwino. Ndinalira ngati kamwana kuti ndikufuna mayi anga.

Apongozi anali ataima pafupi ndi bedi. Ndinawaona akuimasula foni ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kwa iwo kuimba foni imeneyo kunali kutsekula chitseko chimene anachitseka miyezi yonseyi kuti mwana akhale moyo. Anandiyang'ana ine, n'kutuluka.

Pachipatalapo foni imagwira bwino pamalo amodzi okha, pakati pabwalo, pomwe pamakhala anthu odikira mankhwala ndi anyamata a kabaza. Mawu awo ndinawamva ndili m'kati, poti anachita kukuwa kuti amveke.

"Asewere, ndi ine wa ku Lirangwe. Mwana wanu matenda amuyamba, ndipo zavuta. Akumutengera m'tauni. Akukufunani, nyamukani."

Bwalo lonse linamva. Mu ambulasi apongozi anandigwira phazi, milomo yokha ikugwedera.

Za opaleshoni ndikukumbukira zochepa: magetsi owala, kuzizira, ndi munthu wina wondiuza kuti ndipume. Nditatsitsimuka, nkhope yoyamba kuiona inali ya mayi anga, atavala nsapato zosiyana chifukwa chothamanga. M'manja mwawo munali kamtsikana kofiira, kokwinya nkhope ngati kakwiyira dziko lonse. Anakaika pachifuwa panga. Kanali kofunda, kakupuma. Chimwemwe chimene ndinamva sindinachimveponso, ndipo ine wolongolola uja mawu anandithera.

Patapita kanthawi ndinafunsa za apongozi. Mayi anati ali panja pansi pa mtengo, akana kulowa, akana chakudya, ndipo aliyense wotuluka m'wodi akumutembenukira msana kuti asamve zimene anene. Mayi anga anapita kukawatenga okha. Ndinamva akuwanyengerera m'khonde kuti asewere, bwerani mudzaone ntchito yanu.

Analowa mpango utapendekeka, chinthu chimene sindinachionepo. Anaima patali ndi bedi, maso ali pansi.

"Ali moyo?" anafunsa.

"Ali moyo, amayi. Ndi wamkazi."

Anakhala pansi pasimenti pomwepo. Mayi anga anamutenga mwana pachifuwa panga, anagwada, namuika pamiyendo pawo. Apongozi sanamugwire msanga. Anaika chala pansi pa kamphuno kake kuti amve mpweya, ndipo misozi inayamba kugwera pachitenje.

"Njira yonse ndimati ndamupha ndi pakamwa panga," anatero.

Ndinawafunsa chifukwa chake anaimbabe foni, ngati ankaopa chonchi. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, osandiyang'ana.

"Uyu ndinali ndisanamuone," anatero. "Amene amalira pamaso panga ndi inu, mwana wanga."