Mchere ndi Chifuwa cha Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, pamene ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikupha bambo anga. Musaseke, ine nthawi imeneyo sindinkaseka ayi.

Tinkakhala ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu. Makolo anga anachokera ku Thyolo, ndipo bambo anali kalipentala. Ku Mzuzu tinalibe azakhali, anthu amene kwathu amalangiza mtsikana akamakula. Mayi nawo ankaona kuti nkhani za thupi si zokamba ndi mwana wobereka wekha. Malangizo awo onse anali amodzi: "Ukamayandikana ndi anyamata udzaona zoopsa." Zoopsa zake ziti, sankanena.

Tsiku lina mvula ya ku Mzuzu ija, yosadziwa kukata, inatipeza tikuweruka. Wongani, mnyamata wa m'kalasi mwathu, anali ndi ambulera, ine ndinalibe. Tinayenda limodzi mapewa akugundana, ndipo sindinama, ndinkafuna njirayo italike. Patangopita masiku anayi ndinaona magazi pa chovala chamkati. Ndinati basi, zoopsa zija ndi zimenezi. Nanga ndikanauza ndani? Kuulula magaziwo kunali kuululanso za ambulera. Ndinang'amba chitenje chakale, nsanzazo n'kumazichapa mobisa m'bafa ndi kuzibisa kunsi kwa matiresi, kumene sizinkauma n'komwe.

Pakhomo pathu panali chizolowezi china. Masiku ena pamwezi, mayi akamaphika ndiwo ankandiitana: "Chisomo, bwera udzandithirire mchere." Ndinkathira osafunsa. Mwezi wachitatu mnzanga wina kusukulu, wamkulupo kuposa ine, anandinong'oneza chifukwa chake. Anati mkazi amene akuona magazi sathira mchere m'ndiwo, akathira amuna a m'nyumbamo amayamba chifuwa, kenako kutupa, mapeto ake maliro. Apa ndinadziwa kuti mayi nawonso amaona magazi, koma ndinati iwo ndi okwatiwa, awo ndi ovomerezeka, anga ndi a uchimo.

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira mpaka m'mafupa, ndipo bambo anali atayamba kale kutsokomola. Mayo ine! Akakhosomola pakhonde, ine ndinkatchera khutu. Ndinkayang'anitsitsa mapazi awo akamavula nsapato kuti ndione ngati ayamba kutupa. Mayi atandiitananso za mchere ndinakana, ndipo anandikalipira kuti ndayamba mwano. Ndinayesa kuzungulira: "Amayi, kodi mtsikana akaona magazi..." Sindinamalize.

"Iwe! Pakamwa pakopo! Wazimva kuti zimenezo?"

Mkati ndinapsa mtima. Munthu akufa, ine ndikufunsa, iwo akundiuza za pakamwa? Ndinatsimikiza kuti ngati yankho mulibe m'nyumba muno, ndikalipeza kwina, kaya andimenye.

Kuseri kwathu kunkakhala a NyaGondwe, namwino wopuma pantchito, mayi wa mawu aakulu amene ana tonse tinkamuopa. Loweruka m'mawa ndinawapeza akusankha nyemba pa lichero. Ndinagwada n'kuwakhuthulira zonse: ambulera, nsanza, mchere, chifuwa. Ndinadikira kuti aseke kapena akuwe. Anangoika lichero pansi.

"Mwana wane, wavutika chomene," anatero mosakaniza ndi chiyankhulo chakwawo. "Miyezi itatu wekha?"

Anatenga kamtengo n'kujambula pansi chiberekero, akutchula chilichonse ndi dzina lake, osatsitsa mawu ngakhale pang'ono. Makutu anga ankatentha ndi manyazi, koma sindinawatseke. Anati magaziwo amabwera kwa mtsikana aliyense akatha msinkhu, kaya anayendapo ndi mnyamata kaya ayi. Anandiuza mmene mimba imabwerera, ndi kuti ambulera sinapatsepo munthu mimba kapena matenda. Anatinso kukondwa poyenda ndi Wongani si tchimo, ndi kukula, kungoti thupi ndi langa ndipo ndiyenera kudziwa polekezera.

"Nanga bambo?" ndinafunsa.

"Adada ako amapuma fumbi la matabwa tsiku lonse, kuzizira konseku. Apite kuchipatala, asiye kulimbalimba. Za mchere ndi mwambo wa kwanu, uulemekeze, koma iwe sunaphe munthu. Tiye ndikawauze amama ako."

Ndinati, "Yewo, koma ndikawauza ndekha."

Mpaka lero sindidziwa kumene ndinatenga mphamvuzo. Mayi ndinawapeza akuchapa. Ndinaima patsogolo pa beseni n'kunena mosapsatira kuti ndinatha msinkhu miyezi itatu yapitayo, ndakhala ndikuthira mchere, ndipo ndinabisa chifukwa iwo sanandiuze kanthu. Manja awo anaima m'thovu. Ndinaona mkwiyo ukukwera pankhope pawo, kenako unatsika, m'maso mukulengeza misozi.

"Inenso palibe anandiuza," anatero motsitsa. "Ndinathawira m'munda wa tiyi, ndinkaganiza kuti ndikufa."

Sitinakambenso nkhaniyi mpaka anamwalira. Koma madzulo omwewo anandipatsa nsalu zatsopano zopindidwa bwino, n'kundionetsa kavalidwe kake. Lolemba lake anawakakamiza bambo kupita kuchipatala. Kumeneko anawapatsa mankhwala ndi kuwauza kuti azivala chotchinga pamphuno akamapala matabwa. Chifuwa chinatha, ndipo bambo sanadziwe n'komwe kuti mwana wawo anali atawalira kale maliro mumtima.

Kwa zaka zambiri ndinkawakwiyira mayi. Tsopano ndimamvetsa kuti sinali nkhanza. Analandira mantha opanda mawu, n'kundipatsira momwemo, poganiza kuti mantha ndiwo amasunga mwana wamkazi. Ine manthawo sanandisunge, anangonditsekera ndekha.

Mwana wanga Tadala atakwanitsa zaka khumi, ndinamukhazika pampando masanasana. Anzanga ku tchalitchi anati ndi ntchito ya alangizi, mayi sayankhula zimenezo ndi mwana wake. Ndinati alangizi adzabwera nthawi yawo, koma woyamba ndikhala ine. Lilime linkalemera, thukuta lili kamukamu, koma ndinanena zonse, chilichonse ndi dzina lake. Nditamaliza anandiyang'ana modabwa.

"Amayi, ndiye ndi zokhazo? Nanga mukunjenjemera chiyani?"