Amene Anatenga Mafayilo a Amuna Anga

A Hector Sitima ndinayamba kuwaona bwino pa maliro a amuna anga, a Davison, mu 2003. Anthu ali pansi akulira, iwo anali chiimire patsinde pa mango, akupukuta fumbi pansapato ndi kampango. Ndi mwana wa kwa Chiwalo konkuno, koma atangophunzirako kompyuta ku Blantyre, Chilomwe anachiiwala. Ukawapatsa moni ankayankha ndi chibwano.

Tonse atatu tinkagwira ntchito pa ofesi ya bungwe lina la alimi. Kompyuta yaikulu inali imodzi, ndipo aliyense ankalowamo ndi dzina lake. Mafayilo a mbewu ndi feteleza mwini wake anali a Davison, ndipo iwo ndi amene anandipatsa chilolezo choti ndizilowamo kukatayipa. Atamwalira, ntchito imeneyi ndi yokhayo inatsala yodyetsa ana anga.

Tsiku lometa, a Hector anafufuta dzina la a Davison mukompyuta. Akuti dzina la womwalira silikhala pakati pa amoyo, ndipo anauza aliyense kuti achita zimenezi polemekeza malemu. Mafayilo anatsala opanda mwini. Chilolezo changa chinapita limodzi ndi amene anandipatsa. Mvula inali pafupi, alimi a kwa Kaduya akungobwerera pakhomo chimanjamanja.

Abwana athu, mayi Alesi, anawaitana ine ndili pomwepo.

"A Sitima, mwatani kodi?"

"Ndi zazing'ono, madamu. Mafayilo asanduka amasiye basi. Akufunika wowalera."

"Ndiye apatseni mayi awa. Si ndiwo amagwira nawo ntchito?"

"Madamu, zimenezi n'zaukatswiri. Ingondisiyirani."

Anakhala pakompyutapo masana onse akuimba mluzu, taye ataiponya paphewa. Pomwe timaweruka mafayilo anali atatseguka, koma onse ali m'dzina la a Hector. Kunyumba achibale a amuna anga anali atanyamula kale njinga ndi wailesi. Sindinkadziwa kuti ku ofesi ndili ndi mlamu wina.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkaima pambali pa tebulo lawo, kudikira kuti anditsegulire. Lero ali ku msonkhano wa chipani, mawa mutu ukuwawa chifukwa cha mowa wa dzulo. Ntchito inaunjikana. Lipoti lopita ku likulu linati wotayipa ndi waulesi, ndipo analilemba ndi iwo omwe. Mayi Alesi anasainira kalata yondichotsa ntchito osandiyang'ana kumaso. Pampando wanga panakhala Hilda, mwana wa mlongo wake wa a Hector, amene ankafunafuna chilembo chilichonse ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira.

Tsiku limene ndinapita kukatenga kapu ndi juzi yanga, ndinalimba mtima n'kuima patsogolo pa a Hector. Ndinawayang'anitsitsa. Iwo anakonza taye, maso ali pakompyuta.

"Mayi, musandiyang'ane choncho," anatero. "Ine ndimangotsatira kompyuta. Dzina lanu mulibemo."