Dzina Limene a Tobias Analemba

A Tobias Nakhumwa amakwera phiri la Zomba katatu pa sabata. Amanyamuka ku Mbedza kukangocha, atavala jekete lobiriwira lomwe linasuluka kalekale, n'kudzera njira ya phazi imene alimi a kachewere amatsikira ndi matumba pamutu. Pamwambapo pali nazale ya mitengo ya paini, ndipo ntchito yawo ndi kuthira dothi m'machubu, kuzulira udzu ndi kuthirira. Si munthu wa mawu ambiri. Anzawo a pa nazale amawaitana kuti a Sajeni, ngakhale anapuma usilikali ali kopolo, ndipo anatopa n'kuwakonza.

Kukakhala kopanda mitambo, pa nthawi yopuma amakhala pa mwala wa kumapeto kwa nazale. Kuchokera pamenepo tauni yonse imaoneka ngati mbale zoyanikidwa pa thandala, kutsogolo kwake kuli dambo lalitali, kenaka nyanja ya Chilwa yoyera mbuu, ndipo kuseri kwa nyanjayo kuli mapiri a ku Mozambiki, otuwa ngati utsi. Moyo wawo wonse unachitikira mkati mwa chimene diso limaona pa mwala umenewo.

Anabadwira m'dambomo, pa mudzi wina wa kufupi ndi Jali, mwa Alomwe amene makolo awo anawoloka kuchokera kumapiri aja. Mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anawalera ndi mlongo wawo Joanna, amene iye mwini sanapondeko m'kalasi koma anagulitsa matemba ouma mpaka mchimwene wakeyo atatsiriza sukulu ya mishoni. Usilikali analowa mu 1981. Akafunsidwa chifukwa chake, amati anakopeka ndi nsapato.

Mu 1988 gulu lawo linatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, nkhondo ya ku Mozambiki ili mkati. Za nkhondoyo sakamba. Chimene amakamba, mwa apo ndi apo, ndi kuyenda kwa sitima. Inkayenda pang'onopang'ono, moti munthu ukanatha kutsika, kuthyola mango n'kukweranso. Pa masiteshoni ogumuka ankapeza amayi okalamba akulankhula Chilomwe chenicheni cha mayi awo, ndipo iwo, mfuti ili m'manja, ankangotchera khutu ngati mwana wobisala kuseri kwa nkhokwe. Mpaka lero, nkhungu ikatsika pa nazale n'kumeza mitengo, amamva ngati mwala umene akhalapowo wayamba kuyenda pa njanji.

Kutatsala sabata kuti anyamuke ulendo umenewo, ku baraki kunafika bambo wina wa tayi wochokera ku kampani ya inshuwalansi. Anayala mapepala pa tebulo pansi pa mtengo wa mbawa, n'kuwauza kuti zimene msilikali amadalira ku ntchito zimatha tsiku limene wavula yunifomu, koma inshuwalansi ya iye mwini imamutsata mpaka kumanda. A Tobias analembetsa. Atafika pa mzere wa munthu wodzalandira, bambo uja anafunsa mofulumira, poti mzere wa asilikali unali wautali: "M'bale wanu weniweni ndani?"

Nthawi imeneyo anali atakhala m'banja ndi Mavis zaka ziwiri, mwana wawo Kevin ali kumsana. Koma kwawo mkazi si m'bale. Mkazi ali ndi abale ake, mudzi wake ndi manda ake. M'bale ndi amene munayamwa naye bere limodzi. Dzanja linalemba lokha kuti Joanna. Pofika kunyumba anauza mkazi wawo kuti, "Ndalembetsa inshuwalansi, ndikapanda kubwerako simudzavutika," ndipo sankanama, chifukwa m'mutu mwawo zinthu ziwirizi sizinkatsutsana. Pepalalo anamupatsa mu envelopu yomata, iye n'kulisunga osatsegula. Anabwerako ali moyo. Anapuma ntchito, inshuwalansi ija n'kumadulidwabe ku penshoni, ndipo dzina lija analiiwala monga munthu amaiwalira mwala wa pansi pa maziko.

Mwezi wa June chaka chatha, chiperoni chili mkati, pa foni yawo panabwera uthenga woti onse amene analembetsa kalekale apite ndi chiphaso cha unzika kukatsimikiza mapepala awo. Ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya nsalu, kufupi ndi msika. Anawalandira mtsikana wa magalasi, dzina lake Jacqueline, amene anawerenga pa kompyuta dzina lawo, tsiku lobadwa ndi nambala ya usilikali. A Tobias ankangovomera ndi mutu.

"Wodzalandira ndi mayi Joanna Nakhumwa," anatero mtsikanayo. "Ndi akazi anu?"

"Ndi achemwali anga."

"Nanga amayi kunyumba alipo?"

"Alipo."

Jacqueline anavula magalasi. "Bambo, ndikuuzeni bwinobwino. Mulungu akakuitanani, ife tidzafuna a Joanna basi. Amayiwo ngakhale abwere ndi setifiketi ya ukwati ndi kwaya yonse ya ku tchalitchi, sitidzawadziwa."

A Tobias anayang'ana chipewa chawo pa bondo. Mavis anali ndi matenda a shuga, analibe munda m'tauni muno, ndipo nthawi zonse akamakamba za mawa ankati, bola pali pepala lija.

Mtsikanayo anawafotokozera njira zimene zinalipo. Akanatha kusiya momwemo, akanatha kuchotsa dzinalo n'kulemba lina, kapena kulemba onse awiri, aliyense ndi gawo lake, ngakhale iye anaona kuti chinthucho n'chochepa kale, kuchigawa n'kungosangalatsa a minibasi. Panalinso inshuwalansi ina ya maliro yokha, ya bokosi ndi galimoto, imene akuluakulu ambiri opuma ntchito ankawonjezera.

"Fomu ndi iyi. Mungosayina apa, nkhani yatha. Simufunika kupempha munthu."

"Mwana wanga, kwanu n'kuti?"

"Ku Rumphi."

"Ndiye chifukwa chake," anatero a Tobias. Anapinda fomuyo kanayi n'kuiika m'thumba la jekete.

M'mawa mwake anakwera phiri monga mwa masiku onse. Nkhungu inali itatsekeratu, moti munthu wotsika ndi mtolo wa nkhuni ankayamba wamveka kupuma asanaoneke. Anathira dothi m'machubu mpaka zala zitachita dzanzi. Ankaona Joanna ali mtsikana, dengu la matemba pamutu, akuwoloka madzi a m'dambo chitenje atakwinyira m'mawondo. Ankaonanso Mavis pa geti la baraki tsiku lija ananyamuka, osalira, akungogwedeza mwana kumsana. Cholembera chinali m'thumba lomwelo ndi fomu. Akanatha kusayina pa mwala pomwepo, ndipo palibe aliyense wa awiriwo akanadziwa kanthu. Koma dzina la mlongo sulichotsa ngati kuzula chisoso. Loweruka anakwera minibasi ya ku Jali, n'kutsirizira ulendo pa kabaza.

Anapeza a Joanna pa khonde akusankha mpunga m'lichero, nkhope ili pafupi ndi mpungawo chifukwa maso anayamba kuchita chidima. A Joanna analandira jumbo imene anawabweretsera, n'kuipapasa.

"Shuga mapaketi awiri? Iwe Tobiyasi, wapalamula chiyani?"

"Palibe, achemwali. Ndangobwera kudzakuonani."

"Kudzandiona kwako ndi paketi imodzi. Khala pansi, unene."

Anayamba ndi za mvula, za mawondo, za Kevin amene ali ku Lilongwe. Kenaka anafika pa nkhaniyo, akuzungulira ngati munthu wofuna powolokera mtsinje. Anati mwina iwo sakudziwa, koma kale, popita ku Mozambiki, panali pepala lina.

"Ndikulidziwa," anadula a Joanna. "Unabwera nalo kuno utavala yunifomu. Unandilozera ndi chala pansi pa mango apo. Chilembo choyamba n'chokhota ngati chogwirira cha ambulera."

A Tobias anali ataiwaliratu zimenezo.

"Ndiye ukufuna undifufute, ulembe Mavis."

"Akudwaladwala, achemwali. Ndikatsogola ine, alibe pogwira."

"Ndiye ine ndili ndi pogwira? Ukuona ndagwira chiyani apa, lichero?" Anatulutsa kabotolo ka fodya m'chitenje, n'kununkhiza pang'ono, n'kuyetsemula. Nkhuku zinkatola mpunga umene unagwa. "Zaka zonse zimene unali kunkhondo, ine ndinkayang'ana msewu uwo. Ndinkati galimoto yobiriwira ikadzakhotera kuno, ndiye kuti basi. Ndinkaiopa, koma ndinkadziwa kuti idzayamba kwa ine, poti dzina langa lili ku ofesi. Ine sindinalembedwepo pena paliponse, Tobiyasi. Ngakhale ku tchalitchi analemba Yowana."

"Ndalama zake si zambiri."

"Ndani wanena za ndalama? Ndikazidya ndi mano ati? Angodzandilanda anyamata angawa n'kukagula njinga yamoto yoti iwaphe. Ine ndikunena za iwe. Ukandichotsa, uthenga udzafika kuno pa foni ya eni ake, utaikidwa kale m'manda a m'tauni, pakati pa anthu amene sudziwa ngakhale mfunda wawo. Ine ndinakulandira m'manja mwa amayi. Ndikufuna ndikakubweze kwa amayi."

Apa a Tobias anazindikira mtengo wa chimene anadzapempha. Iwo ndi Mavis anali atagwirizana kalekale, osati mwa pangano koma mwa kucheza kwa anthu okalamba, kuti adzagona onse ku Zomba, moyandikana, pamalo poti phiri likuoneka. Anayang'ana kumadzulo. Kuchokera kumudziko phirilo linkaoneka laling'ono, labuluu, mtambo utakhala pamwamba pake ngati nduwira.

"Nanga mukatsogola ndinu?"

"Udzandipeza nditakusungira malo. Usandizembe ndi mafunso a kusukulu."

Anapukuta chipewa chawo ndi chikhatho, ngakhale chinalibe fumbi. "Chabwino. Ndidzabwera kuno."

"Usauze ine ndekha, ine ndine wakufa kale." Anakweza mawu kuitana mwana wawo wamkazi amene anali kuseri akutsuka mbale. "Aggie, tabwera udzamve zimene akunena amalume ako."

Ndipo a Tobias ananenanso pamaso pa Aggie kuti thupi lawo lidzagona kumudzi, pafupi ndi mayi awo, ndi kuti akalembetsa ya maliro ija kuti galimoto idzapezeke popanda kuvutitsa munthu. A Joanna anagwedeza mutu.

"Kafufute tsono. Koma umuuze Mavis kuti ndamupatsa ndine, asamati watola."

Anafika ku Mbedza dzuwa likadalipo. Mavis anali pa mpando wake pakhomo, akuluka juzi ya mdzukulu, mapazi otupa atawasanjika pa kachitini. Anawafunsa za kumudzi, iwo n'kuyankha kuti onse ali bwino. Kenaka a Tobias anakhala pa sitepe, natulutsa fomu ija, n'kufotokoza zonse kuyambira pa tebulo la pansi pa mbawa. Sanadzichepetsere mlandu. Singano zinasiya kuyenda.

"Bambo a Kevin, mukuti zaka zonsezi ine ndakhala ndikuteteza ku chiswe pepala la alamu anga?"

"Ndi momwemo."

"Nthawi ija denga linadontha, ndinayamba kupulumutsa pepalalo ndisanatole zovala zanga."

"Ndikukumbuka."

"Kevin ali kumsana, inu n'kulemba Joanna."

"Anandifunsa za m'bale."

Mavis anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Iye yemwe anali wa ku Mayaka, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti mchimwene wake akanafunsidwa funso lomwelo akanalemba Mavis, osati mkazi wake. Zimenezo sanazinene. Anatola singano n'kuwerenga maso a ulusi amene anathawa.

"Ndiye alamu avomera chabe? Sindiwadziwa choncho."

Apa ndi pamene a Tobias ananena za manda. Anazinena akuyang'ana pansi. Mavis anatembenukira kuphiri, kumene nkhungu inali itayambanso kutsika m'mitengo, n'kukhala choncho mpaka mwana wa pa nyumba yoyandikana atatsiriza kutunga madzi pa mpopi.

"Ndiye kuti agawana nane," anatero. "Ine pepala, iwo munthu."

Mavis anayang'ana mapazi ake otupa.

"Ndi miyendo iyi, ndizidzakwera kabaza wa ku Jali kukakuzulirani udzu?"

"Aggie azidzazula."

"Aggie sadziwa kuzula udzu ngakhale pakhomo pake." Anapinda juzi ija n'kuiika m'jumbo. Anatambasula dzanja, iwo n'kumupatsa fomu. Anaiyang'ana kutsogolo ndi kuseri, n'kuiwongola pa bondo pomwe inapindika. "Lolemba tipitira limodzi. Masitepe a ofesiyo ndi angati?"

"Ndi ambiri ndithu."

"Mudzandigwira dzanja. Dzina langa ndikalemba ndekha."